Mayi Amene Ankatsanzikira pa Geti la Eni

Panali mayi wina, dzina lake Lufina, amene ankakhala pa kamzinda kena ka m'mbali mwa njanji. Anali atangokwatiwa kumene. Mwamuna wake, Yotamu, ankawotcherera zitsulo pamsika. Anali munthu wosalankhulalankhula, wochoka m'mawa n'kubwera dzuwa litapendeka, maso ali psu ndi moto wa ntchito yake.

Nyumba yawo yoyamba inali yosiyiridwa. Yotamu anaipeza kwa malemu amalume ake, ndipo amalumewo anailowa ili yakale kale. Makoma ake anali ochindikala, koma anali atang'ambika m'makona. Malata anachita dzimbiri mpaka kufiira ngati katondo. Simenti ya pansi inali itaphulika malo ambiri, moti tsache linkatulutsa mchenga tsiku ndi tsiku. M'siling'i munkagona mileme. Dzuwa likatentha, fungo lake linkatsikira m'zipinda n'kulowerera m'zovala.

Yotamu sankaonapo vuto. Ankati yako ndi yako, ngakhale idonthe. Koma Lufina mumtima ankachita nayo manyazi nyumbayo.

Kumaso kwake, m'mbali mwa msewu, munthu wina wamalonda anali atamanga yake yatsopano, ya mpanda wa njerwa ndi geti lobiriwira. Mpandawo unabisa nyumba yakale ija. Wofuna kufika kwa Lufina ankayenera kulowa kanjira kopanikizika kodutsa m'mphepete mwa mpandawo.

Lufina anali wochokera kutali, wosadziwa munthu pamalopo. Atapereka kalata yake kutchalitchi, akulu ampingo anamuika m'manja mwa mayi Kachingwe kuti akhale mlangizi wake. Mayi Kachingwe anali amasiye. Anaphunzitsa ana a sitandade wani zaka zambiri mpaka kupuma ntchito, ndipo ana awo obereka anawamangira nyumba yabwino. Bondo lawo lakumanzere linali lovuta. Ankayenda ndi ndodo, ndipo kukhala pansi kunkawakanika, moti paliponse pamene afika anthu ankathamangira kuwapezera mpando.

Lachinayi lililonse masana, amayi a m'deralo ankakumana kupemphera m'makomo mosinthana. Umenewo ndiwo unali mlaga wawo. Tsiku loyamba limene Lufina anapitako, mlaga unali kwa mayi Kachingwe. Atatha kupemphera anamwa tiyi, ndipo macheza analowera ku nyumba. Anayamikira matailosi a pansi ndi makatani. Anakambirana za amene walowetsa magetsi ndi amene nyumba yake ingayenere kulandira abusa. Kenako mayi wina, mkazi wa mwini golosale, anati pali nyumba zina zoti ngakhale mbuzi ingakane kugonamo. Anatchula chibwinja cha kuseri kwa geti lobiriwira, nati sadziwa ngati mumakhala anthu kapena mileme yokhayokha. Onse anaseka, ndi mwini nyumba yemwe.

Lufina anangoyang'ana m'kapu mwake. Posakhalitsa wina anamufunsa kumene amakhala. Iye anati amakhala cha pa geti lobiriwira. Amayiwo anagwedeza mitu mosangalala. Poweruka, ena anayenda naye limodzi chifukwa njira inali imodzi. Atafika pagetipo Lufina anaima, naika dzanja pa chitsulo cha getilo, n'kuwatsanzika. Anadikira mpaka onse atakhota. Kenako analowa kanjira kake.

Sabata yotsatira anachitanso chimodzimodzi. Inayo, chimodzimodzi.

Bodza limabereka msanga. Itakwana nthawi yoti mlaga ukhale kwawo, anati kwabwera achibale a mwamuna wake, nyumba yadzaza. Ulendo wina anati akupaka penti. Zovala zake zakutchalitchi ankazisunga m'ndowa yotseka, kunja pakhonde, kuti zisatenge fungo la mileme. Tsiku lina Yotamu anamufunsa chifukwa chake anzake akutchalitchi safika pakhomo. Lufina anamuyankha mwaukali kuti munthu saitanira alendo m'phanga. Yotamu anasiya kudya, nasamba m'manja, n'kutuluka. Kuyambira pamenepo m'nyumbamo mawu anachepa kuposa kale.

Mvula itayamba, Lufina anali woyembekezera, ndipo thupi linkamuvuta. Anajomba mlaga kawiri, Lamulungu kawirinso. Mayi Kachingwe anatenga nthochi m'kathumba, nanyamula ndodo yawo, ulendo wokamuona. Anagogoda pa geti lobiriwira. Mkazi wa mwini nyumbayo anawauza kuti muno mulibe Lufina, koma ngati akunena mkazi wa wowotcherera uja, alowe kanjira ka m'mbalika.

Usiku wapitawo kunali kutagwa mvula yambiri, ndipo kanjirako kanali matope okhaokha. Mayi Kachingwe anayenda pang'onopang'ono, dzanja lina pa ndodo, lina pa mpanda. Anamupeza Lufina akutuluka m'nyumba ndi beseni la madzi odontha padenga. Lufina atawaona anauma pomwepo, beseni lili m'manja. Analakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo.

Mayi Kachingwe anaodira monga achitira pakhomo pa munthu aliyense. Anapukuta mapazi, napempha mpando, n'kulowa m'nyumba osadikira kuti awaitane. Anakhala pakati pa mabeseni awiri. Fungo la mileme linali lamphamvu tsikulo, koma iwo sanagwire mphuno. Anafunsa za thupi, za kudya, za kusikelo. Kenako anakweza maso pamene siling'i inagumuka, nayang'anitsitsa mitanda ya denga. Anati mitengo imeneyo ndi mkungudza, chiswe sichiudya, ndipo masiku ano munthu sangaupeze ngakhale atafunafuna. Anati amene anamanga nyumbayi ankafuna kuti adzukulu ake adzagonemo.

Za geti sananene kanthu. Anapemphera, nadya nthochi imodzi pamodzi ndi Lufina, n'kutsanzika. Atapita, Lufina anakhala pakhonde n'kulira mpaka mutu kuwawa. Ankadziwa kuti pofika Lachinayi dera lonse lidzakhala litamva.

Lachinayi linafika, ndipo panalibe amene anamva. M'malo mwake, Lachiwiri m'mawa mayi Kachingwe anabweranso. Anabweranso Lachiwiri linalo, mpaka linasanduka tsiku lawo.

Sankabwera ndi maulaliki. Ankabwera ndi nsalu yogwirira ntchito m'chikwama. Anamuuza Yotamu kuti mileme saithamangitsa ndi utsi. Aidikire ituluke chakumadzulo, kenako atseke mabowo onse ndi waya wa sefa, ikabwera ipeze kotseka. Anamulangiza kuti agwetse siling'i yowolayo, mitanda ioneke, ndi kumata malata ndi phula. Yotamu, amene sankakonda kuuzidwa zochita, anawamvera, chifukwa iwo ankayamba amufunsa maganizo ake ngati mmisiri. Tsiku lopaka laimu, mayi Kachingwe anakhala pa kampando n'kumapaka m'munsi mwa khoma, akusuntha kampandoko pang'onopang'ono mpaka chipinda chonse kutha. Lufina anawaletsa, koma iwo anati bondo ndilo lakalamba, manja ayi.

Ali pa ntchito choncho ankacheza. Lufina ndiye ankalankhula kwambiri. Anawauza za kwawo, za mayi ake amene anamwalira iye ali wamng'ono, za mantha ake a tsiku lobereka. Anawauzanso za mawu aja a phanga. Mayi Kachingwe anamufunsa funso limodzi lokha: ngati mwamunayo anali ndi chinthu china chomupatsa choposa nyumbayi, chimene anamumana. Madzulo ake Lufina anapepesa kwa Yotamu, ndipo anadyera limodzi.

Pang'ono ndi pang'ono Lufina anayamba kuiona nyumba yake. Anaona kuti dzuwa likaswa mtengo, m'katimo mumakhala mozizira bwino chifukwa cha makoma aja. Anaona kuti khonde lake ndi lotakasuka, loti munthu n'kuyanikapo ufa mvula ikugwa. M'chipinda chochezera munali malo osonkhapo moto, okhala ndi chumuni, amene anali atatsekeka ndi zisa za mbalame. Yotamu atawatsegula, anapeza kuti utsi ukukwera bwinobwino. Zenera lakum'mawa linkalowetsa dzuwa mpaka pa bedi. Ming'alu ina inatsalabe, ndipo pansi panali pa zigamba zokhazokha. Koma Lufina anayamba kudzala maluwa m'zitini n'kuzindandalika pakhonde.

Chinthu chimodzi chokha sichinasinthe. Lachinayi poweruka, Lufina ankaimabe pa geti lobiriwira.

Nkhaniyi mayi Kachingwe anaitchula kamodzi basi. Linali Lachiwiri, akusoka matewera pakhonde. Osakweza maso pa singano anati: "Mwana wanga, za pageti paja ine sindidzauza munthu. Si nkhani yanga. Koma sindidzanamiza munthu aliyense pofuna kukubisa. Katundu ameneyu wotula ndiwe. Tsiku limene udzafune kumutula, udzandipeza ndili pambali pako."

Lufina analonjeza kuti aulula Lachinayi lomwelo. Tsikulo litafika, sanaulule. Poweruka anaikanso dzanja pagetipo, mayi Kachingwe ali pomwepo akuona. Sabata yonseyo Lufina ankaganiza kuti basi, atopa naye. Koma Lachiwiri m'mawa anamva ndodo ikugunda m'kanjira muja. Anabwera ndi ulusi wina, napitiriza kusoka pamene anasiyira.

Mwana anabadwa m'mwezi wa Juni, kukuzizira. Anali wamkazi. Patapita masabata awiri, amayi a mlaga anapangana zokaona mwanayo monga mwa mwambo wawo. Mayi Kachingwe anamuuziratu Lufina za tsikulo, ndipo Lufina anati adzaganiza chochita. Sanaganize kanthu. Anangokhala ndi mantha mpaka tsiku linakwana.

Anali masana, Yotamu ali kumsika. Lufina anali pafupi ndi moto akuyamwitsa pamene anamva nyimbo kumsewu. Inkayandikira, kenako inaima pa geti lobiriwira. Posakhalitsa anamva ndodo m'kanjira. Mayi Kachingwe analowa okha. Anati awauza anzawo kuti asagogode, ayambe adikira.

Anamuuza kuti njira zilipo ziwiri. Iwo akhoza kubwerera kukawauza anzawowo kuti make mwana sali wokonzeka kulandira anthu lero, pakuti zimenezo n'zoona, ndipo mphatso adzazibweretsa okha. Kapena akhoza kukawatenga. Anati chilichonse chimene iye asankhe, Lachiwiri adzabwerabe.

Lufina anayang'ana mwana wake nthawi yaitali. Anaganiza za tsiku limene mwanayo adzayambe kuyenda, n'kumaona mayi ake akutsanzikira pa geti la eni. Kenako anati, "Akatengeni, mayi."

Amayiwo analowa m'kanjiramo mmodzimmodzi, mitolo ya nkhuni pamutu, ena sopo, ena ufa m'timabeseni. Nyimbo inayamba kuchepa mphamvu, ndipo pofika pabwalo inali itazimiratu. Anaima n'kumayang'ana malata adzimbiri aja, kenako n'kumayang'anana. Lufina anatuluka ndi mwana m'manja, naima pakhonde.

"Amayi, kwathu ndi kuno," anatero. "Pageti paja si pathu, ndipo sipanakhalepo pathu. Achibale aja kunalibe, penti uja kunalibe. Ndakhala ndikukunamizani miyezi yonseyi."

Woyamba kulankhula anali mkazi wa mwini golosale uja. Anati zimenezi n'zosayenera munthu wa mpingo, wodya nawo mgonero. Anati ngati munthu anganame za pogona pake, angalephere kunama za chiyani, ndipo nkhaniyi iyenera kukafika kwa akulu ampingo. Ena awiri anavomereza. Lufina anaweramitsa mutu.

Pamenepo mayi Kachingwe anatsika pakhonde pamene anaima. Anayenda mpaka pakati pa bwalo, natembenukira kwa Lufina. Anagoneka ndodo pansi. Kenako, anthu onse akuona, anapinda bondo lawo lovuta lija, nagwada pa dothi. Ululu unaoneka pankhope pawo. Wina anathamanga kuti awagwire, koma iwo anamukaniza ndi dzanja.

"Ngati pali mlandu wopita kwa akulu, uyambire pa ine," anatero. "Mwanayu anaikidwa m'manja mwanga. Tsiku lake loyamba pakati pathu, m'nyumba mwanga, tikumwa tiyi wanga, tinaiseka nyumba ino. Ine ndinaseka nawo. Nditabwera kuno n'kuona, ndinakumbukira, koma ndinachita manyazi kunena. Ndakhala ndikumudikira kuti aulule zake, ine zanga ndili nazo phee. Bodza ananena ndi iye, ndipo walivomera pamaso panu. Koma amene tinamuphunzitsa kuti pakati pathu munthu amamuyeza ndi denga lake ndife. Lufina, mwana wanga, undikhululukire."

Lufina sanathe kupirira kuona munthu wamkulu chotere atamugwadira. Anatsika msanga akulira, nayesa kuwadzutsa ndi dzanja limodzi, lina lili ndi mwana. Sanathe. Nawonso mayi Kachingwe anayesa kudzuka okha, koma bondo linakana. Amene anatula mtolo wake n'kuwagwira m'khwapa anali mkazi wa mwini golosale. Anawadzutsa, nawasansa dothi pa nsalu, n'kuwapatsa ndodo yawo. Sanayang'ane munthu kumaso.

Analowa onse m'nyumba. Mipando inali itatu yokha, choncho ambiri anakhala pa mphasa mozungulira moto. Poyamba aliyense ankalankhula motsitsa, ngati pamaliro. Kenako mwana analira, wina anamulandira, wina nati mphuno ndi ya bambo ake, ndipo kuseka kunabwerera. Mayi wina wachikulire anati iye ukwati wake anauyambira m'chigafa cha fodya, ndipo sanauzepo munthu. Mkazi wa mwini golosale sanapepese ndi pakamwa. Anatuluka n'kukasanja nkhuni zonse pakhonde, mtolo ndi mtolo, ndipo pochoka anafunsa ngati mlaga wa sabata yamawa ungakhale konkuno, popeza kuli moto. Nkhani ija kwa akulu ampingo sinafike.

Madzulo Lufina anamufotokozera Yotamu zonse, kuyambira tsiku loyamba. Yotamu zinamupweteka. Anakhala masiku awiri osalankhula. Tsiku lachitatu anabwera kuchokera kumsika atakweza mabenchi awiri pa wilibala, owotcherera yekha, nawaika pakhonde. Anangoti alendo asamakhale pansi.

Bondo la mayi Kachingwe linatupa, ndipo anagona sabata yathunthu. Lachiwiri limenelo Lufina ndiye anabereka mwana kumbuyo n'kupita kwawo.

M'nyumba yakale ija anakhalamo zaka zisanu ndi zinayi, ndipo ana awo atatu anabadwira momwemo. Pambuyo pake anamanga ina. Mayi Kachingwe anali atatsogola kale nthawi imeneyo. Anthu akamayamikira nyumba yatsopanoyo, Lufina ankathokoza, koma ankati imene inamupanga kukhala munthu ndi yakale ija, ndi mayi amene ankabweramo Lachiwiri.

Abale ndi alongo, mwamva. Kudzudzula tonse timatha, ndipo nthawi zambiri wodzudzulayo amakhala akunena zoona. Mkazi wa mwini golosale sananame. Koma mlangizi uja anadziwa cholakwa cha mwana wake, sanachibise ndi bodza lina, sanachiulutsenso pamsewu. Anayenda m'matope, anadikira, ndipo tsiku la manyazi litafika anasenza gawo lake poyamba. Inu amene mwapatsidwa munthu woti mumulere m'chikhulupiriro, musanamutengere kwa akulu, dzifunseni ngati munafikapo pamene amagona, ndiponso ngati m'kugwa kwakeko mulibe dzanja lanu.

Ndipo inu amene wina anakuyenderani muli pa manyazi, osakutayani, musadikire kudzanena zabwino zake pa tsiku la maliro. Pitani sabata ino, akadali ndi makutu akumva, mukamuuze kuti zikomo.